Batala wa Pansi pa Phala la Meder

Pakati pa usiku, agalu a m'mudzi atatopa kuuwa, m'nyumba mwa Meder munkatsala phokoso limodzi lokha, mkonono wake. Unkayambira pansipansi, n'kukwera, kenako n'kuduka ngati wina wautsekera chitseko. Akazi ena amanyansidwa ndi mkonono wa amuna awo, koma mkazi wa Meder, Akylai, ankachita kuudikirira. Ukaduka, nayenso ankasiya kupuma, maso ali tong'o kudenga, mpaka uyambirenso. Khalidwe limeneli analiyamba chimwalirireni alamu ake, mkulu wa Meder, ndipo sanauzepo munthu.

Meder ndi munthu wa akavalo. Mukafika pamsika wa ziweto ku At-Bashy n'kufunsa za iye, sakuuzani dzina la bambo ake. Angoti, "Uja wonyambita thukuta? Pitani kumunsi kwa mlatho." Ntchito yake ndi yokonzekeretsa akavalo a eni ake kuti akathamange pa mipikisano. Iye mwini alibe wothamanga, ali ndi kavalo mmodzi wamkazi, wokalamba, wokoka ngolo ya udzu.

Anabadwa wachiwiri mwa ana aamuna awiri a mayi Ajar. Sukulu anailekeza chaka chimene bambo ake anagwa akumweta udzu wa ziweto, chikwakwa chili m'manja, m'mutu mulibe imvi ndi imodzi yomwe. Anthu anati linali dzuwa. Mkulu wake Ulukbek anakaphunzira kuyendetsa lole, pamene Meder anatengedwa ndi amalume ake kumapiri, kubusa la akavalo. Kumeneko ndiye kunali sukulu yake. Atakula anapitako ku Russia monga anzake onse, kukanyamula njerwa, koma anabwerako chisanu chachiwiri chisanathe. Akamufunsa amangoti mphuno zake zinkasowa fungo la khola. Anakwatira mochedwa, anthu atasiya kale kumufunsa. Akylai anali mtsikana wochokera tsidya la mtsinje, amene analekeza sekondale panjira mayi ake atadwala. Zambiri za kusukulu anaiwala, koma chithunzi cha mtima m'buku la sayansi, chokhala ndi mapaipi ofiira ndi abuluu, chinamukhalirabe m'mutu. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Tumar, amene pa nthawi ya nkhaniyi n'kuti akungophunzira kulumikiza mawu.

Nyengo yotentha ikamatha, eni akavalo ankatsika nawo kumapiri atanenepa, thupi lili nyezinyezi, n'kubwera nawo kwa Meder monyadira. Iye ankangoika dzanja pa nthiti, n'kupukusa mutu. Kavalo wotero ankamufunditsa chofunda chaubweya, n'kumuyendetsa, mawa lake n'kumuthamangitsa pang'ono, mkuja kuwonjezerako. Akabwerako ankapisa chala m'khosi mwa kavaloyo n'kulawa thukuta. Loyamba limakhala lolemera, lowawa, lamafuta. Likayamba kumveka ngati madzi a kamchere pang'ono, ndiye kuti kavalo wapsa, angathe kuthamanga. Otsi wa akavalowo, mbewu yofanana ndi tirigu, ankamuyeza yekha ndi manja, atamupeta n'kuchotsamo timiyala, ndipo panalibe wina wololedwa kuponya kanthu modyeramo.

Koma iye mwini ankadya monga amadyera mwamuna aliyense wa kuno. M'mawa buledi woviika mu kirimu, tiyi wamkaka wothira batala. Masana nyama yankhosa. Pa maphwando akuluakulu anthu ankadziwa kuti mafuta a kumchira kwa nkhosa akafika pamaso pa Meder sabwerera, ndiye ankachita kumusankhira ntchintchi yoyera mbee. Thupi lake silinali lonenepa kwenikweni. Anali wojintcha chabe, wamapewa, woseka msanga.

Ulukbek anamwalira nthawi yokumba mbatata. Anaimika lole yake bwinobwino pambali pa msewu, n'kutsamira pa chiwongolero, ndipo oyendetsa anzake anamupeza atazizira kale. Anali atangopitirira zaka makumi anayi. Pa maliro, mkazi wake anakhala moyang'ana kukhoma n'kumalira monga mwa mwambo, pamene Akylai, pokhala mtengwa wamng'ono, ankayendetsa tiyi kwa anthu. Potuluka ndi ketulo ankadumpha nsapato za ana atatu a malemuwo zimene zinali pakhomo, ndipo nthawi iliyonse maso ake ankagwera pa tating'ono kwambiri, tofanana msinkhu ndi ta Tumar.

Pamaliro pomwepo a Kalicha, anamwino a pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo, anamukoka mkono n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Anali mayi wachikulire, wosadziwa kuzungulira.

"Poyamba bambo, lero mwana woyamba," anatero. "Iwe ukuona ngati ndi dzuwa ndi msewu? Mwamuna wakoyo akayezetse magazi ku boma. Usamusiye."

Kumukakamiza Meder kunatenga mpaka chipale chofewa choyamba chitagwa. Zotsatira zitabwera, anapita onse awiri kwa a Kalicha, Tumar ali m'manja mwa mayi ake. Meder anakhala pa benchi chipewa chili pabondo, akumwetulira ngati mwana amene waitanidwa kwa ahedi.

"Seka bwino," anatero a Kalicha. "Magazi ako ali ndi mafuta ambiri, mtundu woipa uja, kolesterolo. Unasuzumirapo mu ketulo yakale? Zoyera zimene zimamatirira m'kati zija? Ndi zimene zikuchitika m'mitsempha yako. Njira ikuchepa, ndipo sizipweteka mpaka tsiku limene itsekeke."

"Koma ine ndili bwinobwino, anamwino. Dzulo lomweli ndanyamula mwana wa ng'ombe."

"Mkulu wakonso ankanyamula matayala a lole. Tamvera. Mbali ina ndi ya kumtundu, imeneyo mapiritsi awa ndiwo athandize, ndipo usadumphitse. Mbali ina ndi ya pakamwa pakopo. Mchira wa nkhosa, kirimu, batala, uchepetse kwambiri. M'mawa uliwonse uzidya phala la otsi."

"Otsi?" Meder anayang'ana mkazi wake, kenako anamwino. "Mayi, otsi ine ndimapatsa akavalo."

"Ndiye unaonapo kavalo atakhala pa benchi imeneyo?"

Akylai sanaseke. Anafunsa chimene otsi amachita, ndipo a Kalicha anatembenukira kwa iye, poona kuti womva ndi ameneyo.

"Ukamuphika amalenda. Kulendako ndiye phindu lake, usamakutaye. Kukafika m'matumbo kumakola ndulu n'kutuluka nayo. Ndiye chiwindi, pofuna kupanga ndulu ina, chimatapa mafuta a m'magazi aja. Balere, nyemba, maapozi, zonsezo zimagwira ntchito yomweyo. Si matsenga ayi, zimatsitsa pang'onopang'ono, komanso sizilowa m'malo mwa mapiritsi. Koma munthu akamadya phala kwinaku akumwera batala, akungodzinamiza."

Mapiritsi sanavute. Ndi kanthu kakang'ono, munthu amameza palibe woona. Nkhani inali phala.

Tsiku loyamba Akylai anaganiza kuti otsi ndi otsi basi, nanga m'khola si munali matumba ake. Anakatapa m'thumba la akavalo, n'kutsuka, n'kuwiritsa mpaka nkhuni zinatha. Mankhusu ake sanafewe ndi pang'ono pomwe. Meder anatafuna kamodzi, nkhope n'kukwinyika, kenako anadzutsa mutu n'kulira ngati kavalo, mwakuti Tumar anaseka mpaka kugwa chagada. Nkhani inatuluka m'nyumba, kaya ndi ndani anaitulutsa. Pofika tsiku la msika, Sabyr, mnzake wa Meder wa kuubwana amenenso anali ndi kavalo wothamanga, anakuwa ali patali:

"Aise! Ndamva kuti wasamukira m'khola! Tikugulire chishalo, kapena alamu akugulira kale?"

"Ubwere udzandikwere, ndikuponye m'ngalande," anayankha Meder. Anaseka nawo, koma makutu ake anafiira.

Tsiku lomwelo Akylai anagula otsi wa anthu, wopunthidwa kale, wa m'mapaketi. Anaphika ndi madzi, n'kudonthezamo mkaka wochotsa kirimu, n'kudulira apozi pamwamba. Masiku oyamba Meder ankadya ngati akumwa mankhwala a njoka zam'mimba, n'kusiya theka. Kenako m'mawa wina anamaliza. Mawa lake anamalizanso, mpaka kukokota ndi supuni. Akylai mtima unakhala pansi. Anafika poimba akukama ng'ombe, chinthu chimene anali atasiya chichitikireni maliro. Anadziuza kuti munthu amazolowera chilichonse.

M'nyumba ya kuno mtengwa amaphika, amathira tiyi, amakhala kufupi ndi chitseko kuti azitumika. Koma mbale ya mwana wamwamuna amagawa ndi mayi wake, ngati ali moyo. Akylai ankaphula mphika n'kuuika pambali pa mbaula, mayi Ajar n'kudzuka pamalo pawo, kutenga mbale ya mwana wawo, kumugawira, n'kumupatsa ndi manja awiri. Zinali choncho kuyambira tsiku limene Akylai analowa m'banjamo, ndipo sanaganizepo kanthu.

Anazindikira potsuka mbale. M'mawa wina madzi otsukira anazizira msanga chifukwa anachedwa ndi mwana. Mbale yake ndi ya apongozi ake zinayera bwinobwino, koma ya Meder inkaterera m'manja, ndipo pansi pake panali kamzere kachikasu kozungulira, katauma gwa. Anakapala ndi chikhadabo n'kununkhiza. Sanafunikire kufunsa munthu.

Mawa lake anakhala pamalo pake pa nthawi zonse, akuthira tiyi, koma maso ali pa galasi la zenera, mmene munkaoneka msana wa apongozi ake. Mayi Ajar anatenga mbale, n'kusendera ku kabati. Mmenemo munali batala wawo wa chaka chonse, wosungunula, wosungidwa m'chifu cha nkhosa monga amachitira amayi akale. Anatapa supuni yodzaza tho, n'kuika pansi pa mbale. Anathira phala pamwamba, n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni, mosamala ngati akufunditsa khanda. Kenako anatembenuka, nkhope ili phee.

"Idya, mwana wanga."

Ndipo Meder anadya.

Tiyi anasefukira m'kapu mpaka kumuotcha Akylai chala. Akanati chiyani? Mtengwa satchula ngakhale dzina la apongozi ake, ndiye akawagwire dzanja pa mbale ya mwana wawo? Mayi Ajar sanali munthu wankhanza. Tumar atabadwa, iwo ndiwo ankadzuka naye kuti Akylai agone. Anamuphunzitsa kukanda buledi popanda kumunyoza ndi kamodzi komwe. Zimenezo ndiye zinkapangitsa nkhani kulemera.

Anayesa njira imene atengwa onse amaidziwa, yolankhula kudzera mwa mwana. Tsiku lina masana, apongozi akupota ubweya pafupi ndi mbaula, iye anakhazika Tumar pamiyendo n'kumamupesa.

"Tumar, ukukumbuka zimene ananena anamwino? Anati bambo asamadye batala, eti? Akuti amatseka njira za magazi."

Mayi Ajar sanakweze maso. Chopotera chinapitiriza kuzungulira.

"Tumar," anatero, "uwauze amayi ako kuti agogo ako aamuna anafa ndi ntchito, bambo ako aakulu anafa ndi msewu. Batala sanaphepo munthu. Ine ndamudya kuyambira ndili ngati iweyo, ndipo ndidakali pano, ndikuika anthu m'manda."

"Tumar, anamwino akuti anthu timasiyana magazi."

"Tumar, Kalicha ameneyo ndinamuona akuyenda wopanda kabudula. Mwana wanga amagwira ntchito panja, mphepo ikumudula. Adye phala lamadzi ngati mwana wamasiye, ine mayi wake ndili moyo? Anthu amve kuti kwa Ajar mwamuna amadya za akavalo, zopanda ndi dontho la mafuta lomwe?"

Tumar ankangotembenuza mutu uku ndi uku, chipeso chitakodwa m'tsitsi. Nkhani inathera pomwepo.

Chisanu chinapitirira. Akylai anachita zimene akanatha. Nyama ankaisenga mafuta mobisa, nyemba zinayamba kuoneka kawirikawiri, msuzi ankauthira balere. Mapiritsi ankawaika pambali pa kapu ya mwamuna wake n'kudikira mpaka kholingo ligwedezeke. Koma m'mawa uliwonse ankamva chitseko cha kabati chikulira, ndipo ankaona chithunzi cha m'buku chija, mapaipi ofiira akunka nachepa. Meder akachedwa kubwerako kothamangitsa kavalo, iye ankapeza chifukwa chopitira kumpanda, kukayanika nsalu youma kale.

Chipale chitayamba kusungunuka anakayezetsanso. A Kalicha anawauza kuti mafuta atsika, mapiritsi agwira ntchito yawo, koma sanafike pamene anayenera kufika kwa munthu amene bambo ake ndi mkulu wake anapita motero.

"Phala akudya?"

"M'mawa uliwonse," anayankha Meder.

"Lopanda kanthu?"

Meder anayamba kuyang'ana m'kati mwa chipewa chake. Akylai anayang'ana pansi. A Kalicha anawayang'ana onse awiri, n'kuusa moyo.

"Ndi amayi ako, eti? Ndinadziwa. Ndinapitako kukawalankhula maliro atangotha. Anandimvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako anandithirira tiyi wa batala." Anapukusa mutu. "Ndinamwa. Ndinalandiranso wachiwiri. Ukanakhala iwe ukanakana?"

Panjira pobwerera sanalankhulane za nkhaniyo. Meder anasimba za kavalo wa Sabyr amene anayenera kuthamanga pa chikondwerero cha chaka chatsopano, chimene kuno chimachitika chisanu chikatha, Akylai n'kumangoti ee, ee.

Lachinayi lotsatira, masana, mayi Ajar anatenga khitchini yonse. Lachinayi ndi tsiku la akufa. Amayi amakazinga timandasi kuti fungo la mafuta lituluke likafike kwa amene anatsogola, kenako pamakhala pemphero, timandasito n'kugawira anansi. Ntchito imeneyi mayi Ajar sankalola wina kuigwira. Akylai anagoneka mwana, n'kutenga tiyi kupita naye kukhola.

Anapeza Meder akukalipira Sabyr. Meder anali atagwada, akufukula ndowe za kavalo ndi kamtengo.

"Wamupatsa chiyani dzulo ine nditachoka?"

"Palibe, aise."

"Ndowe sizinama. Wamuwonjezera."

"Kadzanja kamodzi kokha. Amandiyang'ana momvetsa chisoni."

"Chisoni chakocho chidzamuphulitsa mtima pakati pa liwiro, anthu akuonerera. Ukafuna kumukonda uzimukanda pamphumi. Tiye, dzipita, usanandiwonongerenso wina."

Sabyr anatuluka akuseka. Podutsa Akylai anavula chipewa. "Alamu, kavalo wanuyu lero akuluma. Mwamumana otsi?"

Atatsala awiri, Akylai anaika tiyi pa chitsa. Meder anatenga burashi n'kuyamba kupesa kavaloyo m'nthiti. Akylai sanachoke monga ankachitira masiku onse.

"Bambo a Tumar, inu mumadziwa."

"Chiyani?"

"Za pansi pa phala."

Burashi inaima pang'ono, n'kupitiriza.

"Lilime limene limasiyanitsa thukuta la kavalo lingalephere kumva batala?" anatero, akuyesa kumwetulira. Ataona nkhope ya mkazi wake, kumwetulirako kunazima.

"Ndiye chisanu chonsechi ine ndimaphika, inu n'kumakokota mbale, ine n'kumayesa kuti mwayamba kulikonda."

"Silinali loipa kwenikweni. Apozi amathandiza."

"Musandiseke. Kavalo wa eni mumachita kumufukulira ndowe. A Sabyr mwawathamangitsa chifukwa cha kadzanja kamodzi. Nanga inuyo?"

Meder anaika burashi pamsana pa kavalo, n'kutsamira pamenepo ndi mikono yonse iwiri. Analankhula akuyang'ana kukhoma.

"Tsiku loyamba ndinafuna kukankha mbale. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana. Iwe sunkawaona mmene ankaimira pampanda achimwene akaliza lole kuti azipita. Ankawalongedzera buledi, batala, nyama yowamba, ngati akupita kunkhondo. Bambo atagwa, chaka chimenecho tinadya buledi wouma ndi tiyi wopanda mkaka. Amayi analumbira kuti mwana wawo sadzadyanso chouma. Pano atsala ndi mwana mmodzi, ndipo chimene angamuchitire ndi supuni imeneyo. Ndiwalande?"

"Inenso ndili ndi mwana mmodzi."

Sanafune kukweza mawu, ndipo sanakweze. 

"Mpango wakuda wa akazi a alamu ndinachapa ndine, sabata yatha yomweyi. Pouyanika ndinapezeka ndaima nawo m'manja, ndikuuyeza ndi maso kuti kodi ineyo ungandikhale bwanji. Ndine wamng'ono, bambo a Tumar. Sindikudziwa kugulitsa ng'ombe, sindikudziwa kukonza denga. Tumar akadzafunsa kuti bambo anali otani, ndidzati chiyani, ankanyambita thukuta? Amayi sindingawauze. Mukudziwa kuti sindingathe. Ndayesa kudzera mwa mwana, andibwezera kudzera mwa mwana yemweyo. Watsala ndi inu."

Kavalo anapukusa mutu, unyolo n'kulira. Meder anadzuka pamene anatsamira paja. Anatenga tiyi uja, n'kumwa pang'ono, n'kumuyang'ana m'kapu.

"Uyunso ndi wouma, wopanda batala."

"Ndi wouma, ee."

Mphepo inatembenuka, n'kubweretsa fungo la kukhitchini mpaka m'kholamo, fungo la ufa ukupsa m'mafuta otentha. Ankamvanso mawu a mayi Ajar chapansipansi, akutchula mayina a akufa awo limodzi limodzi monga ankachitira akamaponya mtanda mumphika. Meder anamvetsera mpaka dzina la mkulu wake litatchulidwa. Anapukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Kuwauza kuti asiye, sangasiye," anatero. "Ndikakana mbale, adzalira, ndipo adzadziwa kuti wandituma ndiwe. Pamenepo nyumba yaipa. Amayi dzanja lawo likatapa, liyenera kuika penapake."

"Ndiye?"

"Ndiye aziika, koma osati mwanga." Analoza ndi chibwano kukhitchini. "Supuni yangayo azitapa m'mawa uliwonse monga mwa masiku onse, ine ndikuona, n'kuika m'botolo. Likafika Lachinayi, azikazingira bambo ndi achimwene. Ndiwauza kuti ndi gawo langa, ndikuwatumizira ndine. Iwo batala sangawapwetekenso."

Akylai anamuyang'ana kuti aone ngati ndi nthabwala zake zija. Sizinali.

"Nanga akakana?"

"Akana, nanga ndi amayi a ndani? Anditukwana, atukwana a Kalicha, atukwana ndi akavalo omwe. Ndiye ndiwauza zimene sindinawauzepo, kuti magazi anga ndi a bambo, ndi a achimwene, ndipo sindikufuna kuti chaka chamawa azitchula mayina atatu pa mphikawo. Akakanabe, mawa ndibwerezanso. Iwe usanenepo kanthu. Uzingothira tiyi ngati sukumva."

"Ndipo kwa a Sabyr kukakhala phwando kavaloyu akapambana? Akulu akakupatsani mchira?"

"Ndilandira ndi manja awiri, ndilawa, ndipatsira achinyamata. Anena kuti Meder wakalamba. Anene." Anakanda kavalo pamphumi. "Komanso uyu sapambana, mwini wake ndi chitsiru."

Akylai anaseka mosafuna, misozi ili m'maso, n'kupukuta ndi nsonga ya mpango.

Pa zenera la kholalo panali botolo lakukamwa kwakukulu mmene Meder ankasungiramo misomali. Anakhuthulira misomaliyo m'thumba la jekete, n'kupita nalo pa chomwera akavalo. Analitsuka ndi mchenga, n'kulitsukuluza, n'kuliyang'ana padzuwa, n'kulitsukanso.

"Kodi muwauza lero lomwe?" anafunsa Akylai.

"Pemphero likangotha, manja awo akadali ndi mafuta. Ndikadikira mawa ndichita mantha."

Anapukuta botolo pa malaya, n'kulowera kukhitchini.